Mayi Hannah More (1745–1833): adaphunzitsa ana, nakokanso makolo awo

Tikamakamba za amayi amene adatilambulira njira mu Mpingo wa Anglican, dzina limene limafulumira kubwera pakamwa ndi la Mayi Mary Sumner, amene adayambitsa bungwe lathu la Mothers' Union ku Old Alresford m'dziko la England m'chaka cha 1876. Ulendo uno tabwerera m'mbuyo pang'ono kuti tikudziwitseni za mayi wina wa mpingo womwewu, amene pomwalira n'kuti Mayi Sumner ali kamwana ka zaka zinayi zokha. Dzina lawo ndi Hannah More. Sadakwatiwepo ndipo sadabereke, koma ana a anthu osauka amene adadutsa m'manja mwawo ndi ochuluka zedi. Tawasankha chifukwa ambiri mwa ife timaphunzitsa Sande sukulu, ena timathandiza ku sukulu za mkombaphala, ndipo tonse timalidziwa vuto lija loti mwana wamva zabwino ku tchalitchi koma pobwerera kunyumba akupeza zina. Mayi More adalimbana nalo vutoli zaka zoposa 200 zapitazo.

Adabadwa pa 2 February 1745 ku Fishponds, kufupi ndi mzinda wa Bristol. Bambo awo, a Jacob More, adali mphunzitsi pa kasukulu ka ana osauka. M'banjamo mudabadwa ana asanu, onse aakazi: Mary, Elizabeth, Sarah, Hannah ndi mzime Martha, amene aliyense ankamutchula kuti Patty. Bambo More adaona msanga kuti Hannah ngwanzeru, ndipo adayamba kumuphunzitsa Chilatini ndi masamu, maphunziro amene masiku amenewo ankayesedwa a anyamata. Koma mwanayo atayamba kuthamanga kwambiri pa masamu, bambowo adachita mantha naleka, poganiza kuti nzeru zotere sizimuyenera mtsikana. Kankhani aka mukasunge, tikubwererako kutsogoloku.

M'chaka cha 1758 akuluakulu ake a Hannah adatsegula sukulu yogonera komweko ya atsikana mumzinda wa Bristol. Iye adayamba ngati wophunzira, kenako adasanduka mphunzitsi pasukulu yomweyo. Ali ndi zaka 22 adatomeredwa ndi bambo wina wachuma dzina lake William Turner, amene adali wamkulu kwa iye ndi zaka pafupifupi 20. Katatu konse tsiku laukwati lidakonzedwa, ndipo katatu konse bamboyo adalisuntha. Patatha zaka zisanu ndi chimodzi chitomerocho chidatha. Popepesa, a Turner adalonjeza kumapereka mapaundi 200 chaka chilichonse. Manyazi adalipo, monga mayi aliyense angaganizire, koma ndalama zimenezi n'zimene zidamasula Hannah kuti aleke uphunzitsi n'kuyamba kulemba mabuku. Pa ana asanu aja palibe ndi mmodzi yemwe adalowa m'banja. Adasungana okhaokha mpaka imfa.

Za moyo wawo ku London sitichulutsa. Adatchuka polemba ndakatulo ndi masewero, nadziwana ndi anthu omveka a nthawiyo monga katswiri wa zisudzo David Garrick ndi mlembi Samuel Johnson. Sewero lawo lotchedwa Percy lidaonetsedwa ku Covent Garden mu 1777 ndipo anthu adalikonda kwambiri. Koma a Garrick atamwalira mu 1779, mtima wa Mayi More udayamba kuchoka ku maphwando ndi kutamandidwa. Adapeza kanyumba kumudzi, ku Cowslip Green m'dera la Somerset. Mu 1787 adadziwana ndi Mbusa John Newton, amene kale adali kapitawo wa sitima yonyamula akapolo, komanso ndi William Wilberforce, phungu wachinyamata amene adali atangoyamba kumene nkhondo yothetsa malonda a akapolo. Mzinda wa Bristol kumene Mayi More adakulira udalemera ndi malonda omwewo, komabe mu 1788 iwo adasindikiza ndakatulo yodzudzula ukapolo poyera.

Ntchito imene tikuwakumbukira nayo lero idayamba ndi nkhuku yosadyedwa. Mu August 1789 a Wilberforce adabwera kudzacheza ku Cowslip Green, ndipo Patty adawaumiriza kuti akaone mapanga ndi matanthwe otchuka a ku Cheddar, mtunda wa mamailosi pafupifupi 10. Adawalongedzera kamba wa nkhuku. Madzulo ngolo idabwerera kamba ali chimangire. Mlendoyo adali atasiya kuyang'ana matanthwe n'kuyamba kucheza ndi anthu, ndipo umphawi ndi umbuli umene adaupeza zidamuthetsera njala. Ena ankagona m'mapanga momwemo, n'kumapemphetsa kwa alendo. Usiku womwewo adauza Hannah ndi Patty kuti pachitike kanthu ku Cheddar, ndipo adalonjeza kuti iwo akavomera kugwira ntchitoyo, ndalama azipereka ndi iye.

Amayi awiriwa atapita kukafufuza, adapeza kuti kwa zaka pafupifupi 40 parishi ya Cheddar idalibe wansembe wokhala pamalopo. Mwini parishi ankakhala kutali ku Oxford, ndipo womuthandizira ankabwera pa kavalo kuchokera ku Wells tsiku la Mulungu lokha, n'kubwerera. Odwala adalibe wowayendera. Mapemphero a m'mawa akasonkhana anthu asanu ndi atatu ankati lero kwabwera anthu. Mayi More adasimba kuti poyenda khomo ndi khomo adangopeza Baibulo limodzi, ndipo ntchito yake idali yochirikiza mphika wa maluwa. Tisaiwale, amayi, kuti limeneli lidali dziko lodzitcha lachikhristu, ndipo tchalitchi chidali chiimire pakati pa mudzi.

Chipsinjo choyamba chidali alimi olemera, eni minda, amene ankalemba ntchito pafupifupi munthu aliyense m'mudzimo. Wamkulu wa iwo adawauza mosabisa kuti chipembedzo chimasandutsa amphawi kukhala aulesi ndi osamvera. Mayi More sadakangane naye. Adayendera alimiwo mmodzimmodzi, kunyamula ana awo, kuyamikira ziweto zawo, kumwa vinyo wowawasa amene ankapatsidwa, kenako n'kufunsa modekha ngati sikungakhale bwino kuti ana amene amaba zipatso m'minda tsiku la Mulungu azikhala m'kalasi. Alimiwo atamva za zipatso zawo adafewa. Tikhoza kuseka, koma aliyense wa ife amene adapitapo kwa amfumu kapena ku komiti ya tchalitchi kukapempha malo a sukulu ya ana akudziwa kuti choonadi chimafuna kuvekedwa bwino chisanatuluke panja.

Chodabwitsa n'choti makolo osaukawo nawonso adakana. Ena adafuna kuti alipidwe potumiza ana awo. Ena adafunsa kuti amayi achilendowa apindulapo chiyani, popeza palibe amagwira ntchito yaulere. Ndipo padamveka mphekesera yoti mwana akakhala pasukulupo zaka zisanu ndi ziwiri, amayiwo adzakhala ndi mphamvu yomutumiza kutsidya kwa nyanja. Kwa anthu okhala pafupi ndi doko la akapolo, mantha amenewa sadali opusa ayi. Hannah ndi Patty adangopirira, kubwerera pamakomo omwewo kawirikawiri. Adachita lendi nyumba imene idali ndi khola la ng'ombe, nalikonza kholalo kuti likhale kalasi. Pa 25 October 1789 sukulu idatsegulidwa ndi ana 140, ndipo onse adayenda pamzere kupita ku tchalitchi.

Sande sukulu si iwo adaiyambitsa. A Robert Raikes adali atayamba kale ku Gloucester cha m'ma 1780, ndipo Mayi Sarah Trimmer adali ndi zawo ku Brentford. Chimene Mayi More adaonjezera n'chimene tikufuna kuti tichiyang'anitsitse. Iwo adazindikira kuti tsiku limodzi pa sabata silingagonjetse masiku asanu ndi limodzi a kunyumba. Choncho sukulu ya ku Cheddar idakula ngati mtengo wa nthambi zambiri. Tsiku la Mulungu ana onse ankaphunzira kuwerenga, katekisimu, nyimbo ndi mafanizo a Ambuye. M'kati mwa sabata atsikana ankaphunzira kupota ubweya wa nkhosa, kuluka ndi kusoka, kuti adzathe kudzipezera chakudya. Anyamata ndi atsikana osinkhukirapo, amene usana wonse ankakhala kuminda ya mabwana awo, adali ndi nthawi yawo madzulo. Ndipo tsiku la Mulungu madzulo chitseko chinkatsegulidwa kwa makolo ndi agogo, kuti amve pemphero, mutu wa m'Baibulo ndi ulaliki wowerengedwa m'buku. Poyamba ankabwera owerengeka ndi zala. Patapita zaka zochepa tchalitchi chija cha anthu asanu ndi atatu chidayamba kudzaza ndi mazana.

Pamenepa tiyenera kutchula mayi wina amene mabuku ambiri amamudumpha, Mayi Sarah Baber. Hannah ndi Patty ankangobwera kudzayendera, koma amene ankakhala pasukulupo usana ndi usiku adali Mayi Baber ndi mwana wawo wamkazi. Iwo ndiwo ankayendera odwala ndi kamankhwala kapena kandalama m'manja, ndiwo ankalondola mwana akajomba, ndiwo ankakhala pansi ndi atsikana ongotha msinkhu. Atamwalira mu 1795, mudzi wonse udalira, ana ndi akulu adaperekeza maliro mazanamazana. Mayi More adali ndi diso lodziwa kusankha aphunzitsi, ndipo sankayang'ana za ulemerero. Ku Shipham adapeza mtsikana wokama ng'ombe, Patience Seward, amene mwa iye yekha adali atasonkhanitsa kale ana a anzake n'kumawagulira timabuku ndi malipiro ake ochepawo. Adamulemba uphunzitsi. Ku Nailsea mnyamata wa mumgodi wa malasha, amene adaphunzira kuwerenga pasukulu yomweyo, ndiye adadzakhala mphunzitsi wake.

Midzi imeneyi ili m'mapiri a Mendip ndi m'mphepete mwake, ndipo ina idali yoopsa. Ku Shipham ndi Rowberrow, kumene sukulu idatsegulidwa mu 1790, kudali anthu a m'migodi aukali kotero kuti ngakhale ogwira anthu olakwa ankaopa kulowako. Ku Nailsea, kuwonjezera pa malasha, kudali fakitale ya magalasi, kumene amuna ankagwira ntchito pafupi ndi ng'anjo zamoto ndipo mabanja ankapanikizana m'tinyumba pambali pake. Amayi awiriwa adachenjezedwa kuti asalowemo, koma adalowa. Pasanathe zaka 10 sukulu zidaposa khumi. Tsiku la Mulungu ankanyamuka m'bandakucha, kuyendera sukulu ziwiri kapena zitatu m'misewu yamatope, n'kubwerera kutada, chonsecho Hannah adali munthu wodwaladwala mutu moyo wake wonse.

Kaphunzitsidwe kawo kangatithandize ngakhale lero. Ankaletsa kuopseza ana. Ana akatopa ankati ayimbe nyimbo. Fanizo ankayamba alikamba m'mawu a tsiku ndi tsiku, kufunsa mafunso, kenako n'kutsegula buku. Sankachitanso manyazi kupereka mphatso. Mwana akabwera masabata anayi osajomba ankalandira kobiri, nthawi zina timakeke totsekemera, ndipo pakutha pa chaka wopambana ankalandira Baibulo, wotsatira Buku la Mapemphero. Pa nyengo ya Pentekoste anyamata ankalandira chipewa, malaya kapena nsapato, atsikana epuloni ndi zina zovala. Mu 1791 adachita phwando pamwamba pa phiri la Callow, pomwe ana 517 adadya nyama ya ng'ombe mpaka kukhuta, anthu zikwi akuonerera. Ena adawadzudzula kuti akugula ana ndi chakudya. Ife amene timaona mmene kalasi imadzazira tsiku la phala sitiwaponya mwala pa chimenechi.

Mu 1792 adafika pa amayi enieniwo. Adayambitsa magulu a amayi ku Cheddar ndi ku Shipham, ofananako ndi zipereganyu ndi mabanki a m'khonde amene timawadziwa. Amayi achikulire pakati pathu akukumbukira ndalama za makobiri ndi masheleni zimene tinkagwiritsa ntchito kwacha isanabwere mu 1971, choncho ziwerengerozi sizikhala zachilendo. Mayi aliyense ankasonkha kobiri ndi theka pa sabata. Akadwala ankalandira masheleni atatu pa sabata, akachira ku uchembere masheleni asanu ndi awiri ndi theka, ndipo apa n'kuti mwamuna wolima kwa bwana akulandira ngati sheleni imodzi pa tsiku. Mtsikana wophunzira pasukulupo akakwatiwa ndi mbiri yabwino ankalandira masheleni asanu, Baibulo ndi masokosi oyera olukidwa ndi manja a eni sukuluwo. Kamodzi pa chaka amayi onse ankayenda pamzere kupita ku tchalitchi, kumwa tiyi pamodzi, kenako n'kumva malangizo a Mayi More, amene ankayamikira pena n'kudzudzula pena, osasiya ngakhale nkhani ya miseche ndi ngongole za kusitolo.

Pokhazikitsa malamulo a magulu amenewa padabuka mkangano umene udatigwira mtima powerenga. Hannah ndi Patty ankafuna kuti ndalama zambiri zipite kwa mayi wobereka. Amayi a m'mudzimo ankafuna maliro aulemu. Maganizo awo adali oti munthu wosauka amene wavutika moyo wonse ayenera kuchoka m'dziko mwaulemu. Alendowo adaona ngati n'kupusa, koma ife tikuwamvetsa amayi aja. Funso loti thumba la gulu lithandize wamoyo kapena liperekeze womwalira silidathe mpaka lero m'misonkhano yathu.

Tsopano tibwerere ku kankhani ka masamu kaja, chifukwa mbiri yonena zabwino zokhazokha siithandiza munthu. M'sukulu za Mayi More ana ankaphunzira kuwerenga, koma kulemba kudali koletsedwa. Adanena poyera, ngakhale m'kalata yopita kwa Bishopu wa Bath and Wells, kuti cholinga chawo chidali kukonza antchito okhulupirika ndi oopa Mulungu, osati anthu ophunzira. Ankakhulupirira kuti Mulungu adaika wolemera pamalo pake ndi wosauka pamalo pake. Zoona, nthawiyo idali yovuta. Chaka chomwecho cha 1789 anthu wamba ku France adaukira mafumu awo, mu 1793 mayiko awiriwa adayamba kumenyana, ndipo olemera a ku England ankanjenjemera akaona mmphawi atagwira pepala. Mwina akadaphunzitsa kulemba, alimi aja akadatseka sukulu zonse sabata yomweyo. Komabe zolemba zawo zimaonetsa kuti sankangoopa alimi, iwo eni ankaganiza choncho. Mayi amene adadya za cholembera moyo wake wonse, amene bambo ake adamuimitsa pa masamu, nayenso adaimitsa ana a anzake pa cholembera. Amene tidaonapo mayi kapena agogo athu akuwerenga Baibulo bwinobwino koma n'kudinda chala pa chikalata, kufikira sukulu za kwacha zitawapeza, tikudziwa kulemera kwa chimene ana a ku Mendip adamanidwa. Pa ichi Mayi More adalakwa.

Popeza adali ataphunzitsa anthu kuwerenga, adaona kuti ayenera kuwapatsanso chowerenga. Kuyambira 1795 mpaka 1798 iwo ndi anzawo adatulutsa timabuku totsika mtengo totchedwa Cheap Repository Tracts, tankhani ndi nyimbo zophunzitsa makhalidwe, tina tokamba ngakhale za kaphikidwe kosawononga ndalama m'chaka cha njala. M'chaka choyamba chokha timabuku toposa 2 miliyoni tidafalitsidwa. Uthenga wake udali wodalira Mulungu, kudana ndi kuledzera, komanso, tinene zoona, wokhutira ndi umphawi osadandaula.

Ngakhale adachepetsa chotero maphunzirowo, adani sadawasiye, ndipo chowawa n'choti nkhondo yaikulu idachokera mumpingo momwe. Ku Blagdon anthu eni ake ndiwo adapempha sukulu mu 1795. Koma mu 1800 wansembe wothandizira wa kumeneko, Thomas Bere, adadandaula kuti mphunzitsi Henry Young ankachititsa misonkhano ya akuluakulu madzulo, kumene anthu ankapemphera m'mawu awoawo ndi kufunsana za moyo wauzimu monga amachitira a Methodist. Masiku amenewo a Methodist adali akupatukana ndi mpingo wathu, ndipo kutchulidwa dzina limenelo kudali ngati kunenedwa kuti ndiwe woukira. Kamkangano ka pamudzi kadakula n'kufika dziko lonse. Kwa zaka zitatu anthu adasindikiza timabuku tonyozana, ena akutukwana Mayi More ndi mawu osayenera kulembedwa pano. Sukulu ya ku Blagdon idatsekedwa, ndipo iwo adadwala kwa miyezi yambiri. Pansi pa zonsezi padali funso limene amayi a mumpingo timalidziwa bwino: kodi ntchito yoyambitsidwa ndi mayi, ndi ndalama zosadutsa m'manja mwa wansembe, mwini wake ndani? Kuyambira pamenepo adasamala kwambiri kuti pasakhale sukulu imene wansembe wa parishi sadaivomereze. Bishopu watsopano, Richard Beadon, adawatsimikizira kuti sukulu zotsalazo zipitirire.

Cha m'ma 1802 adasamukira ku nyumba yatsopano yotchedwa Barley Wood, kufupi ndi Wrington, ndipo abale onse asanu adakhalira limodzi kumeneko. Adapitiriza kulemba, ndipo ndalama zambiri za mabuku zinkapita ku sukulu ndi ku magulu a amayi. Pakati pa 1813 ndi 1819 abale awo anayi adamwalira motsatizana, womaliza Patty, mnzawo wa m'misewu yamatope ija. Hannah adatsala yekha, wokalamba ndi wodwala, osatsika kawirikawiri m'chipinda chapamwamba. Antchito a panyumba adapezerapo mwayi n'kumasakaza chuma chawo, mpaka abwenzi adalowererapo nawasamutsira ku Clifton mu 1828. Mayi amene adaphunzitsa midzi yathunthu za wantchito wokhulupirika adaberedwa ndi antchito a m'nyumba mwake momwe.

A Wilberforce adamwalira pa 29 July 1833. Pa 28 August lamulo lothetsa ukapolo m'maiko olamulidwa ndi Britain lidavomerezedwa. Patangopita masiku 10, pa 7 September 1833, Mayi Hannah More adatsikira kuli chete ali ndi zaka 88. Adaikidwa pa tchalitchi cha All Saints ku Wrington, pamodzi ndi abale awo anayi. Chuma chimene adasiya, pafupifupi mapaundi 30,000, chambiri chidapita ku ntchito zachifundo ndi za mpingo. Sukulu za ku Cheddar, Shipham ndi Nailsea zidapitirira iwo atapita, ndipo gulu la amayi a ku Shipham lidakhalapo zaka zoposa 100. Zambiri zimene takambazi zimadziwika chifukwa Patty ankalemba zochitika za maulendo awo, ndipo zolembazo zidasindikizidwa mu 1859 m'buku lotchedwa Mendip Annals. Kanyumba ka sukulu yoyamba ija kadakalipo ku Cheddar, ndipo anthu a kumeneko amakatchula ndi dzina la Hannah More.